Kagalasi Kanga ndi Dimba la Apongozi Anu

Nsipe,
Ntcheu.
Lachinayi, 16 Meyi, 2024.

Okondedwa achimwene a Maynard,

Ndayamba ndi mawu oti okondedwa chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira kuyamba kalata, komanso chifukwa ndi zoona, ngakhale sabata ino mwandipsetsa mtima kuposa nthawi ina iliyonse chibadwire. Amayi ali bwino kumudzi ku Tsangano, kupatula bondo lija. Ine moyo ulipo. Ndikhulupirira kuti inunso, alamu a Janeti ndi mwana wanu Dalitso muli bwino kumeneko ku Joni.

Musadabwe kuti ndakulemberani pa pepala ngati masiku a agogo. Ndakhala pa benchi la tiyirumu pano pa Nsipe, ndipo ndikamaliza ndijambula masamba onse ndi foni n'kukutumizirani lero lomwe. Ndachita dala, chifukwa pepala simungalidule mawu. Lamlungu lija munalankhula nokha mpaka foni kutentha m'manja mwanga. Ine ndinangokwanitsa kunena kuti "koma achimwene" katatu, kachinayi n'kuti mutadula kale.

Nkhani ndi imodzi basi. Loweruka likubwerali apongozi anu, bambo Fyson, akufuna kuwokera mbande zawo za tomato m'dimba lawo la m'mbali mwa mtsinje. Dothi la dimba limenelo ndi lodwala. Akawokeramo, tomato yense adzafota asanabereke, ndipo inu mukudziwa bwino kuti banja lonse lija limadya kuchokera m'mabeseni a tomato amene amayi a Janeti amayala m'mbali mwa msewu waukulu. Munthu amene angawaletse ndinu nokha, chifukwa ndinu amene munawauza kuti asandimvere. Ndikufuna muwayimbire Loweruka lisanafike, mubweze mawu anu.

Munanena kuti ntchito yanga ndi zoseweretsa za ana a sukulu. Zaka zitatu ndakhala ku yunivesite ndikulimbana ndi kachipangizo kameneka, ndipo simunandifunsepo ngakhale tsiku limodzi kuti kamagwira bwanji ntchito. Mukayimba mumangofunsa ngati ndapeza mwamuna. Ndiye lero mumva, mufune musafune.

Ndi kagalasi kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Pamwamba pake timamatapo tizidutswa ta golide tating'ono kwambiri, toti maso sangatione, ngakhale titaunjikana masauzande pa nsonga ya singano. Golide akachepa chonchi sakhalanso wachikasu ngati wa mphete yanu ya ukwati. Amakhala ndi mtundu wina, ndipo mtunduwo umasintha kanthu kakangomukhudza. Pa golideyo timamangirira timisampha togwira kachilombo ka mtundu umodzi wokha, kamene kamafotetsa mbatata ya kachewere ndi tomato. Timafinya madzi a mbatata, timadonthezera pa galasi, timaliika m'kabokosi momwe muli kanyali, ndiye foni imayang'ana kuwala kumene kwadutsa pa galasipo. Ngati kachilombo kakodwa, kuwalako kumasintha, ndipo mzere umene uli pa foni umasunthira kumanja. Ngati mulibe, mzere umakhala pomwe unali.

Matendawa mukuwadziwa, ngati zaka khumi za ku Joni sizinakuiwalitseni. Ndi aja mbewu imafota masamba akadali obiriwira, ngati wina waithira madzi otentha, ukadula mbatata yake n'kutuluka mafinya oyera. Kuipa kwake n'koti kwathu kumapiri kozizira amabisala. Mbatata imaoneka yosalala ndi yokongola, koma m'kati muli tizilombo tochepa tikungodikira. Ikabzalidwa kofunda ngati kuno ku Nsipe timadzuka. Ndipo tikalowa m'dothi sitichoka msanga, timakhalamo zaka.

Galasi lathu loyamba linali logontha. Tizidutswa ta golide tinali tozungulira ngati mikanda, ndipo tinkazindikira matenda pokhapokha tizilombo titachuluka kale, pamene ngakhale amayi ndi maso awo okalamba akanaona okha. Chipangizo chotero chilibe ntchito kwa mlimi. Aphunzitsi anga anati kuwala kumasonkhana pa nsonga zakuthwa, ndiye tisiye mikanda, tipange golide wa minga ngati chipatso cha nsatsi. Kunena anangonena kamodzi, koma kuchita kunandidyera chaka ndi theka. Minga inkatuluka yobuntha. Ikatuluka yakuthwa, inkafufutika sabata isanathe. Tizidutswa tikathithikana kwambiri pa galasi tinkagwirana n'kusanduka chibuma chakuda, tikatalikirana galasi linkagonthanso. Nditathana nazo zimenezo, madzi a mbatata enieniwo anayamba kundivuta, chifukwa ali ndi ufa womata umene unkaphimba minga, mzere n'kumasuntha popanda matenda alionse. Ndinaphunzira kusefa madziwo kawiri ndi kupaka mipata yotsala ya galasi mankhwala oti china chilichonse chisamatepo. Ndinaphonya ukwati wa msuweni wathu chifukwa cha minga imeneyi, ndipo munandinena kwa amayi kuti ndayamba matama.

Mu Febuluwale zinatheka. Ine ndi mnzanga Dailes, amene timagwira limodzi ntchitoyi, tinasakaniza mbatata imodzi ya matenda obisika ndi zabwinobwino mazana awiri, ndipo galasi la minga linaigwira. Lakale lija linkaphonya ngakhale yodwalayo ikhale imodzi mwa zisanu. Tinabwereza kakhumi, anthu ena akutisakanizira ife osaona, ndipo silinaname ngakhale kamodzi. Zoseweretsa zanu zija n'zimenezi, achimwene.

Tsopano za dengu. Mukukumbukira kuti mu Novembala amayi anatumiza dengu la mbewu ya kachewere kwa asewere awo kuno ku Nsipe, bambo Fyson atanena pa ubatizo wa Dalitso kuti akufuna kuyesako mbatata. Mukudziwanso mwambo wathu, kuti dengu lobwera ndi mphatso sitimalibweza lopanda kanthu. Masabata awiri apitawa amayi a Janeti anakwera nalo kumudzi atalidzaza mbewu ya m'zokolola zawo, yosankhidwa bwino, yofanana ngati mazira. Ine ndinali nditangofika ndi bokosi langa kudzayeza mbewu za alimi a kwathu. Amayi anasangalala, anati abzala mbewu ya asewere awo m'dimba lathu sabata yomweyo. Alendo akumwa tiyi pakhonde, ine ndinatapa mbatata zingapo n'kulowa nazo m'nyumba. Mzere unadumpha. Ndinasintha galasi, unadumphanso. Ndinatenga lachitatu m'paketi ina, chimodzimodzi.

Pamenepa ndikuvomera kuti ndinalakwa, ndipo sindikufuna mundikumbutse. Ndikanadikira mlendo apite. Koma ndinatuluka foni ili m'manja n'kunena pamaso pawo kuti mbewu iyi ndi yodwala, isabzalidwe. Amayi a Janeti anaika kapu pansi pang'onopang'ono, anakonza chitenje, anathokoza chifukwa cha tiyi, n'kunena kuti galimoto ingawasiye. Amayi anawaperekeza mpaka kumsewu, ndipo atabwerako sanandilankhule masiku awiri.

Nkhani inayenda mpaka kukafika ku Joni, alamu analira, inu n'kuyimba. Zimene munandinena ine ndazimeza. Munati sukulu yandiwononga mutu, munati ndikufuna kukupasulirani banja chifukwa ndilibe langa. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina maso ndi maso, ndipo mudzakonzekere. Chimene chandiwawa ndi mafoni atatu amene munayimba mutandidula. Munayimbira amayi kuwalamula kuti wina aliyense wa kwathu asatchulenso nkhani imeneyi kwa asewere mpaka mudzabwere pa Khirisimasi. Munayimbira amalume a Redson, ankhoswe a banja lanu, kuwauza kuti asasunthe mpaka inu mutanena. Kenako munayimbira bambo Fyson kuwapepesa, n'kuwauza kuti kachipangizo ka mlongo wanu kamanama, kulibe matenda alionse, alime mwa mtendere. Munthu amene simunaone mbatata ngakhale imodzi ya m'dengu lija munapereka chigamulo muli pa sofa, kutali kumene basi imayenda masiku awiri.

Lolemba ndinatsika kuno ku Nsipe. Ndinauza amayi kuti ndikukapepesa, ndipo kupepesa ndinapepesadi, nditagwada pabwalo. Koma ndisakunamizeni, m'chikwama munali bokosi langa. Ndinkafuna umboni woti ndikuponyereni kumaso. Bambo Fyson anandilandira ngati palibe chimene chinachitika. Anandipatsa mpando wawo umene, iwo n'kukhala pa chitsa, ndipo anandiitana ndi mfunda wathu, Nangozo, monga amachitira nthawi zonse. Nditapempha kuona dimba anangotenga chipewa n'kutsogola.

Dimbalo analikonza kale, mizere yoongoka ngati ayeza ndi chingwe, manyowa atathira. Mbatata analima pamenepo nyengo ya mvula, popeza malowo ndi otsetsereka, madzi sakhazikika. Ndinatapa dothi m'malo asanu ndi limodzi, ndinatunga madzi a pachitsime chawo cha m'dimba, ndinazulanso mbande zingapo ku nazale imene ili kuseri kwa nyumba. Ndinayeza pomwepo pansi pa mtengo wa mango, iwo akuonerera. Dothi lonse linali ndi matenda, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Madzi a pachitsime chimodzimodzi. Koma mbande zinali zoyera, achimwene, zoyera zonse, chifukwa nazale amathirira ndi madzi a pamjigo. Ndipo kutsidya kwa mtsinje ali ndi kamunda kena kamene chaka chatha munali chimanga. Ndinawoloka kukayeza, ndi kabwinobwino. Ndi kokwera, kutunga madzi kungawapweteke msana, koma tomato angapulumuke.

Ndinawafotokozera zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene inu simuchidziwa. Kenako anathokoza n'kunena kuti bambo a Dalitso anayimba kuchokera ku Joni ndipo anati palibe vuto, ndiye iwo awokera Loweruka monga anakonzera.

Mtima unandiwira. Ndinawafunsa kuti kodi mbewu ina ya mbatata anaigula kuti, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditagamula kale kuti anasakaniza mbewu ya amayi ndi ya pamsika pano, ya anthu osadziwika. Anati iwo sanagulepo mbewu ya mbatata chibadwire. Anati zaka zoposa makumi awiri m'dimba limenelo mwakhala tomato, kabichi ndi chimanga chachiwisi, ndipo tomato wawo sanafotepo. Mbatata yoyamba kulowa m'dothi limenelo ndi ya m'dengu la asewere. Atatero anayamba kundifunsa za bondo la amayi.

Apa ndafika pamene cholembera chikulemera. Ndakhala ndikuyang'ana magalimoto kwa kanthawi, tiyi wanga wazizira, koma ndinena.

Mbewu imene amayi anatumiza mu Novembala ndinaiyeza ine. Inu simudziwa zimenezi. Ndinabwera kumudzi sabata imeneyo ndi galasi lakale lija, la mikanda. Aphunzitsi anga anali atandichenjeza momveka bwino kuti limenelo ndi lophunzirira chabe, ndisalangize nalo mlimi aliyense, chifukwa matenda obisika siliwaona. Ndinkadziwa. Koma tsiku limenelo pakhomo panali azimayi a kutchalitchi, ndipo mmodzi anafunsa amayi moseka kuti kodi mwana wawo amene samaliza sukuluyu amaphunzira chiyani kwenikweni. Ndinatulutsa bokosi kuti aone. Ndinafinya mbatata, ndinadontheza, mzere sunasunthe, ine n'kunena mokweza kuti mbewuyi ilibe vuto lililonse, amayi apereke ndi mtima umodzi. Azimayi anawomba m'manja. Amayi anali atanena m'mawa womwewo kuti akukayika, chifukwa chaka chatha anaona mapesi awiri atatu ofota kumunsi kwa munda wakumtunda, ndipo ankaganiza zotumiza nyemba m'malo mwake. Ine ndi amene ndinawachotsa chikayikocho.

Madzi otsala a mbatata za tsiku limenelo ndinapita nawo ku yunivesite, ndipo akhala mufiriji nthawi yonseyi, dzina la amayi lili pa botolo. Lolemba lomwelo ndili m'minibasi ndinamuyimbira Dailes kuti awayeze ndi galasi la minga. Lachiwiri ndinayeza mbewu yotsala m'nkhokwe ya amayi, ndipo ndinapezamo matenda. Dzulo Dailes anandiyankha. Anati mzere unasuntha bwinobwino, wosachita kukayikitsa. Matenda sanachoke ku Nsipe kupita kwathu, achimwene. Anachoka kwathu kubwera ku Nsipe, atavomerezedwa ndi pakamwa panga, kenako anabwerera m'dengu lomwelo, ine n'kuimirira pakhonde kunyoza mayi wa eni ake.

Musamwetulire. Ndikukudziwani, panopa mwatsamira n'kunena kuti si ndinanena kuti kachipangizoka kamanama. Ayi. Kamene kananama ndi kakale, ndipo sikananame, kanangokhala chete pa zimene sikankatha kuona. Wonama ndinali ine. Katsopanoka kanena zoona tsiku lililonse, ngakhale zoona zondipweteka mwini wakene. Kulakwa kwanga kwa Novembala sikuchotsa kulakwa kwanu kwa Lamlungu. Kwanga kunachitika kale, sindingakubweze. Kwanu kukadali ndi masiku awiri.

Dzulo lomwelo ndinawauza amayi zonse. Sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Analowa m'nyumba, anavala nsapato zawo za kutchalitchi, anamanga mpango, anati akupita ku Nsipe kukagwada kwa asewere awo. Atafika pa chipata anaima. Anakumbukira mawu anu. Tinapita limodzi kwa amalume a Redson, iwo anati nkhani ya pakati pa asewere siyenda popanda mwini banja, ndipo mwini banja anati tidikire Khirisimasi. Amayi anabwerera, anavula nsapato, anakhala pansi pakhonde. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wolima mbatata kuyambira inu musanabadwe, anakhala pansi chifukwa cha mawu a munthu amene manja ake anaiwala mpini wa khasu. Chimwalirireni bambo mwazolowera kuti mukatsokomola ku Joni, ku Tsangano anthu aziimirira. Sindikukana kuti ndinu wamkulu. Koma ukulu umenewu mwaugwiritsa ntchito pa chinthu chimene simunachione.

Ndiye lero m'mawa ndabwera ndekha, popeza ine munandiika kale m'gulu la osamva. Ndinawapeza bambo Fyson akuthirira nazale. Ndinagwada pa dothi lonyowalo n'kuwauza zonse zimene ndakuuzanizi, osasiya kanthu, ngakhale za azimayi owomba m'manja. Ndinati matenda ndi athu, dimba lawo tawonongera ndife, ndipo ndikupempha asataye mbande zawo pamwamba pa zimene ataya kale.

Anaika keni yothirira pansi. Anandiuza kuti ndidzuke, chitenje chingade. Kenako anati, "Nangozo, zimenezo ndinaziona mu Januwale."

Anandifotokozera kuti mbatata itayamba maluwa, mapesi anayamba kufota limodzi limodzi, kenako mzere wathunthu. Iwo si mwana, anadziwa kuti matenda abwera ndi mbewu. Tsiku lililonse ankalawira kudimba kukazula ofotawo n'kuwakwirira m'dzenje, kuti anthu odutsa popita kumtsinje asafunse kuti mbewu imeneyi anaitenga kuti. Ngakhale akazi awo sanawauze. Pokolola anapeza yochepa, ndipo mwa yochepayo anasankha ndi manja awo yosalala kwambiri, poganiza kuti yooneka bwino ndiye yapulumuka, n'kudzaza dengu. Anati kubweza dengu lopanda mbatata kukanakhala kuwauza asewere kuti mbewu yawo inalephera. Moti mkulu ameneyu anadya yochepa chaka chino kuti amayi athu asachite manyazi, ndipo malipiro ake anali mawu anga a pakhonde paja.

Ndinalira, sindibisa. Koma ndinawafunsabe kuti ngati akudziwa, n'chifukwa chiyani akufuna kuwokera momwemo. Anati poyamba sankadziwa kuti matenda a mbatata amatsalira m'dothi n'kugwiranso tomato, anamva kwa ine Lolemba, ndipo akundikhulupirira. Mumve bwino pamenepa, achimwene. Akundikhulupirira. Ndiye ananena mawu awa, ndipo ndawalemba monga anawanenera:

"Dimba lokonza kale, manyowa atathira, ndikalisiya n'kukasenza madzi kutsidya, mudzi wonse udzafunsa chifukwa chake. Ndidzayankha chiyani? Mwana wanga ali m'nyumba ya kwanu. Bambo a Dalitso anena kuti matenda kulibe. Ine sindingawasandutse wabodza mkamwini wanga pamaso pa anthu, ndiponso sindingatchule mbewu ya asewere ndi pakamwa panga. Akanena eni ake, ndimva."

Ndinati ndanena ine, ndine mwini wake. Anamwetulira pang'ono, anati ine ndine mwana, ndipo mawu a mwana safafaniza mawu a mkulu wake. Anatola keni n'kupitiriza kuthirira.

Mwaona tsono pamene mwatifikitsa. Munkaganiza kuti mukuteteza ulemu wa apongozi anu, koma mwawamanga manja. Munthu akudziwa kuti akukataya mbande zake m'dothi lakupha, ndipo apita kukazitaya mwaulemu, chifukwa cha inu. Mbande zimenezo ndaziona ndi maso anga, zobiriwira, zonenepa, zofika kale pa msinkhu wowokera, moti sizingadikire sabata ina. Pofika Julayi anzawo adzakhala akuyala mabeseni pamsewu, amayi a Janeti ali pakhomo manja ali m'chiuno, ndipo ngakhale pamenepo bambo Fyson sadzatchula dzina la munthu aliyense. Adzati chaka sichinawayendere.

Sindikupempha kuti mundipepese. Sindikupemphanso kuti mumvetse za golide ndi minga, ngakhale ndataya masamba awiri kukufotokozerani. Ndikupempha zinthu zimene zili m'manja mwanu lero. Muwayimbire apongozi anu muwauze kuti munalankhula musanadziwe, kuti matenda anachokera kwathu, ndipo kuti inu, mkamwini wawo, mukuwapempha awokere kutsidya. Anthu akafunsa, anene kuti ndi mbewu ya kwa Ngozo, ife tavomera. Muwayimbirenso amayi muwamasule, avale nsapato zawo. Ngati kutchula kulakwa kwanu kukukulemerani, yambani ndi kwanga, n'kokwanira kudzaza foni yonse. Munene kuti Thokozile anadzionetsera ndi chipangizo chosapsa. Ndi zoona, ndipo aphunzitsi anga ndawalembera kale zomwezo.

Za kumudzi zina n'zoti mbewu ya m'dengu sitinabzale. Tikudya pang'onopang'ono, popeza kwa munthu ilibe vuto, makoko ake tikuwotcha. Amayi anakana kuti itayidwe. Munda wakumtunda nawonso upuma ku mbatata zaka zingapo, mukhala chimanga ndi nyemba. Amayi anangogwedeza mutu nditawauza, kenako anafunsa ngati Dalitso wayamba kuyenda.

Mundiperekere moni kwa alamu a Janeti. Ndikudziwa kuti foni yanga sakuyankha, ndipo sindikuwadandaula. Kalatayi muwapatse awerenge okha, yonse, musawawerengere modumpha. Adziwe kuti amayi awo sanabweretse matenda kwathu, ndipo kuti bambo awo anakhala miyezi inayi akukwirira manyazi a banja lathu m'dzenje. Muwauze kuti ndikupepesa, osati pofuna kuti andiyankhe. Mumupsompsonenso Dalitso m'malo mwa azakhali ake.

Ine Loweruka ndidzakhala kuno ku Nsipe dzuwa likamatuluka, ndi khasu langa. Mukayimba, ndikasenza nawo madzi kutsidya mpaka mbande yomaliza. Mukapanda kuyimba, ndidzalowa nawo m'dimba lodwalalo n'kuwokera nawo mzere ndi mzere, ndikudziwa chimene ndikuchita, chifukwa sindingasiye mkulu uja aweramire yekha zimene ndinayambitsa ine. Musankha ndinu kumene mlongo wanu akagwire ntchito.

Ndine mlongo wanu,
Thokozile.